Phunziro la Chisilamu: Kodi sadaka ingatuluke mu uvuni wa makala?

Kutamandidwa konse ndi kwa Allah, Mbuye wa zolengedwa zonse, ndipo madalitso ndi mtendere zikhale kwa Mtumiki wake Muhammad (SAW), akubanja kwake ndi maswahaba ake onse.

Makolo athu olemekezeka, akuluakulu a komiti ndi inu ophunzira, phunziro la ulendo uno sitinalitenge m'silabasi. Talitenga pa nkhani imene ili m'manja mwa komiti ya mzikiti wathu ndipo ikudikira chigamulo. Gulu lathu la kaswida, lomwe oyimba ake ambiri ndi ana a pasukulu pano, likufuna chokuzira mawu, madufu atsopano ndi yunifolomu. Amene munawamva pa Eid yapitayi mukudziwa kuti mawu ali nawo anawa, koma okhala kumbuyo ankangoona milomo ikugwedezeka. Nthawi yomweyo thumba la ana amasiye, lomwe limalipirira fizi ena mwa ophunzira athu, latsala pang'ono kuuma. Pamsonkhano wa makolo panatuluka maganizo awiri amene anawomberedwa m'manja. Oyamba ndi akuti m'bale wathu wina wapereka mitengo ya kumalire a munda wake, choncho anyamata apite pa holide akawotche makala, tigulitse pamsewu. Achiwiri ndi akuti tiumbe njerwa, tiwotche uvuni umodzi waukulu, tigulitse kwa omanga nyumba paboma.

Tinene poyamba kuti amene anapereka maganizowa ndi anthu ofunira sukulu zabwino. Ena mwa iwo ndi amene timawapeza mu mzere woyamba pa swala ya Fajr. Phunziroli sitikuloza nalo munthu chala. Tikungofuna kuti chigamulo chikamapangidwa, chipangidwe anthu akudziwa zimene chipembedzo chikunena.

Panali amene anafunsa kuti, bwanji osangotapa pa zakaat? Yankho lake ndi lalifupi. Sura At-Tawbah, ndime 60, yatchula magulu 8 a anthu oyenera kulandira zakaat. Mwana wamasiye wosauka akulowamo chifukwa cha kusauka kwakeko. Chokuzira mawu ndi yunifolomu ya oyimba sizikulowamo, malinga ndi mmene maulama ambiri amaimvera ndimeyi. Ndiye kuti gulu la kaswida liyenera kudzipezera lokha ndalama, kapena kulandira sadaka wamba kuchokera kwa ofuna kwabwino. Apa ndi pamene funso la njira yopezera ndalamayo likubwera.

M'hadith imene anailemba Imam Tirmidhi, Mtumiki (SAW) anatidziwitsa kuti pa tsiku la Qiyamah munthu adzafunsidwa za moyo wake, za maphunziro ake, za thupi lake ndi za chuma chake. Ophunzira a Fomu 3, taonani chinthu chimodzi m'hadith imeneyi. Pa zinthu zitatu zija funso ndi limodzilimodzi, koma pa chuma mafunso ndi awiri: anachipeza bwanji, ndipo anachigwiritsa ntchito yanji. Ife tikamasonkhetsa ndalama za mzikiti, za madrasa kapena za amasiye, timakhala otanganidwa ndi funso lachiwirilo. Tikangomva kuti ndalama ikupita ku ntchito ya Allah, mtima umakhala pansi, ndipo funso loyamba lija timalilumpha ngati kuti cholinga chabwino chimatsuka njira iliyonse. M'Sahih Muslim muli hadith ina yotiphunzitsa kuti Allah ndi Wabwino ndipo salandira china koma chabwino, ndipo Sura Al-Baqarah, ndime 267, ikutilamula kupereka kuchokera mu zabwino zimene tapeza. Liwu la Chiarabu m'malo onse awiriwa ndi twayyib. Chinthu cha twayyib ndi chimene chili choyera pachokha komanso choyera m'kapezedwe kake, chopanda misozi ya munthu wina kumbuyo kwake.

Tiyeni tsono tiyang'ane m'kati mwa uvuni wa makala. Owotcha makala safuna mtengo uliwonse. Amafuna mitengo yachilengedwe yolimba monga mombo, mtondo ndi muwanga, chifukwa makala ake amalemera ndipo sachedwa kugulidwa. Mitengo imeneyi imakula pang'onopang'ono, moti umene mnyamata angaugwetse m'mawa umodzi ukhoza kukhala wamkulu kuposa bambo ake. Akaidula amaiunjika, kuikwirira ndi udzu ndi dothi, n'kuyatsa moto kuti izinyeka masiku angapo popanda mpweya wambiri. Pofukula, gawo lalikulu la mtengo limakhala litapita ndi utsi. Pa uvuni wadothi woterewu, kuti mupeze kilogalamu imodzi ya makala mumafunika makilogalamu a nkhuni pakati pa 5 ndi 10. Thumba limene timaliona pa njinga likupita kumsika ndi kachigawo chabe ka zimene zinagwa m'tchire. Uvuni wa njerwa nawo sudya tinthambi. Umafuna zipika zikuluzikulu zoti ziyake usiku ndi usana, ndipo pamene panakumbidwa dothi pamatsala dzenje, lomwe dzinja likafika limasanduka chithaphwi cha udzudzu ndi msampha wa ana aang'ono.

Palinso lamulo la dziko. Lamulo la za nkhalango la 1997 limaletsa kuwotcha makala popanda chiphaso, ndipo mu 2020 linakonzedwanso, zilango zake n'kukhala zowawa kuposa kale. Pa njerwa, mu 2018 bungwe loyang'anira ntchito za zomangamanga la NCIC linakhazikitsa malamulo oletsa njerwa zowotcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi zamalonda, n'chifukwa chake mukuona midadada yatsopano ya sukulu ikumangidwa ndi mabuloko asimenti. Tangoganizani anyamata athu atagwidwa ndi alonda a zankhalango ali ndi matumba a makala, n'kufunsidwa kuti watuma ndani, iwo n'kuyankha kuti ndi amzikiti. Sura An-Nisa, ndime 59, imene timawaphunzitsa m'kalasi yokhudza kumvera adindo, tidzaiwerenganso ndi nkhope yotani?

Koma tiyerekeze kuti lamulo kulibe. Ife a ku Mchinji tili pamalo amene Allah anatipatsa udindo woposa wa anzathu a m'maboma ena. Mapiri athuwa, momwe muli nkhalango yotetezedwa ya Mchinji, ndi pamene madzi amasiyanirana njira. Mvula yogwa kutsidya, mbali ya Chipata, imatsikira ku Luangwa. Yogwa mbali yathu ino imalowa mu Bua ndi mu Rusa. Bua amayambira kuno kwathu, n'kuyenda mtunda wautali, kudutsa m'nkhalango ya nyama ya Nkhotakota, mpaka kukathira m'nyanja ya Malawi, ndipo ndi mumtsinje umenewu mmene nsomba ya mpasa imakwera kukaswana. Mitengo ya kumtunda imagwira dothi ndi kulola madzi a mvula kulowa pansi m'malo mothamanga pamwamba. Ikachoka, madzi amathamanga ndi dothi lachonde, mitsinje imadzaza mchenga, imasefukira dzinja n'kuphwa msanga chilimwe. Mayi amene akutunga madzi kumunsi kwa Bua sadzadziwa n'komwe dzina la gulu lathu la kaswida, koma gawo la mtengo wa chokuzira mawu chathu adzalipira ndi iye. Sura Ar-Rum, ndime 41, ikunena za chiwonongeko choonekera pamtunda ndi panyanja chifukwa cha zochita za manja a anthu, ndipo Sura Al-A'raf, ndime 56, ikutiletsa kuwononga dziko pambuyo poti lakonzedwa. Ndime zimenezi timazikumbukira tikamva za namondwe Freddy, amene mu Malichi 2023 anagumula mapiri ndi kupha anthu oposa 1,000 kuchigawo cha kummwera. Sitizikumbukira kawirikawiri tikakhala pa mphasa kukambirana za fandi.

Tisadziyeretse. Ife eni ake, aphunzitsi ndi makolo, tinawotchapo njerwa zomangira zipinda za madrasa zaka zapitazo, ndipo tinanyadira. Nkhuni zake zinachokera m'kachitsamba kamene kanali kumtunda kwa dambo, komwe ana ankatola masuku ndi kuzula bowa. Zipindazo zilipo ndipo zatulutsa ana odziwa kuwerenga Qur'an, Alhamdulillah. Kachitsambako kulibe. Chitsime chimene tinkatungapo madzi a wudhu chaka chonse masiku ano chikafika mu Okutobala chimatulutsa matope. Sitikunena kuti uvuni wathu wokha ndiwo unachita zimenezi, pakuti odula anali ambiri ndipo mvula nayo yasintha kagwedwe. Koma nkhwangwa yathu inali nawo pamenepo, ndipo palibe aliyense wa ife amene anabwerera kukabzala ngakhale mtengo umodzi.

Wina anganene kuti mitengo ya ulendo uno ndi ya mwini munda, waipereka mwaulere, nanga vuto lili pati? Ndi funso labwino ndipo fiqh ili nalo yankho. Mwini chinthu ali ndi ufulu pa chinthu chake, ndipo kudula mtengo pachokha si haraam. Timadula pomanga nyumba, popala mpini, ngakhale pokonza matabwa a kumanda. Koma ufuluwo umathera pamene payambira kuvulala kwa ena. Pali hadith yaifupi imene anailemba Ibn Majah, yomwenso Imam Nawawi anaiika pa nambala 32 m'mahadith ake 40, yoletsa kudzetsa vuto ndi kubwezera vuto. Pa hadith imeneyi maulama anamangapo malamulo ambiri, ndipo limodzi mwa iwo ndi lakuti kutchinga choipa kumatsogola kuposa kufuna phindu. Komanso kwa Msilamu umwini uli ndi malire ake. Sura Al-Baqarah, ndime 30, ikumutchula munthu kuti khalifa padziko, kutanthauza wosiyiridwa udindo, wosunga za Mwini wake. Abu Bakr (RA) potumiza asilikali ku Shaam anawalangiza kuti asadule mitengo yobereka zipatso, monga zalembedwera m'Muwatta ya Imam Malik. Imeneyo inali nthawi ya nkhondo, m'dziko la adani.

Pano tiyenera kusamala pakamwa. M'midzi mwathu muli abale amene amawotcha makala chifukwa mbewu zinakanika, feteleza anakwera, ndipo ana akulira njala. Ndipo ife amene tikulemba zino nsima yathu imapsa ndi nkhuni kapena makala, monga zilili m'mabanja oposa 9 mwa 10 alionse m'dziko muno. Sitingamuweruze bambo amene wapanikizika. Shariah imazindikira dharura, kupanikizika kumene kumamufewetsera munthu lamulo. Funso ndi lakuti, kodi gulu la kaswida lopanda chokuzira mawu lili pa dharura? M'kuona kwathu, ayi. Likhoza kudikira miyezi ingapo popanda wofa. Ndipo chimene munthu mmodzi achita mobisa chifukwa cha njala n'chosiyana ndi chimene mzikiti uchita poyera, atalengeza pambuyo pa Jumu'ah. Mzikiti ukawotcha makala, mudzi wonse umamva kuti nkhaniyo ndi yololedwa.

Nkhani ya makala ndi yaikulu, koma palinso zing'onozing'ono zimene zimachitika pa tsiku losonkhetsa ndalama lenilenilo. Tikakonza tsiku la kaswida pabwalo, amayi amagulitsa mandasi, zigege, samusa ndi mafilizi, chilichonse m'kajumbo kake. Madzulo timawerenga ndalama mokondwa, m'mawa mwake bwalo lili mbuu ndi mapulasitiki, mphepo n'kuwapititsa kudambo. Amene amasenda mbuzi pa Eid ul Adha akhoza kukuuzani zimene nthawi zina amapeza m'chifu. Majumbo opyapyala, osafika mamaikuloni 60, analetsedwa m'dziko muno mu 2015, ndipo makampani opanga mapulasitiki atakadandaula kukhoti, khoti lalikulu la apilo linagamula mu Julayi 2019 kuti chiletsocho chikhalepo. Chipembedzo chathu chinatsogola kale, pakuti Mtumiki (SAW) anawerengera kuchotsa chopweteka panjira m'gulu la nthambi za imaan. Ngati kuchotsa ndi sadaka, kutaya tikutcha chiyani? Njira yake si yovuta. Mandasi akulungidwe m'mapepala akale a mayeso amene angodzaza m'kabati, thobwa limwedwe m'makapu obwereka n'kutsukidwa, ndipo gulu limene layimba lisachoke pabwalo lisanatole zinyalala. Tisamale kokha kuti pepala lokhala ndi ndime ya Qur'an kapena dzina la Allah lisakulungire chakudya.

Pa mapoto a mpunga ndi nyama napo timawononga. Sura Al-A'raf, ndime 31, ikutilola kudya ndi kumwa koma ikuletsa israaf, kupyola muyeso. Pali nkhani ya Sa'd (RA), amene Mtumiki (SAW) anamupeza akuthira madzi ochuluka pa wudhu ndipo anamuchenjeza kuti kuwononga kulipo ngakhale munthu ali pa mtsinje woyenda. Ena mwa akatswiri a hadith anakayikira mzere wa oilandira, koma tanthauzo lake likugwirizana ndi Qur'an. Kuphika pa mafuwa atatu pabwalo pamphepo kumatha nkhuni zambiri, pamene mbaula zadothi monga Chitetezo mbaula, kapena ng'anjo yomanga ya mapoto akuluakulu, zimaphika chakudya chomwecho ndi nkhuni zochepa. Tinaonapo tsiku lina la fandi pamene ndalama yogulira nkhuni, mafuta a jenereta ndi chakudya cha alendo olemekezeka inatsala pang'ono kufanana ndi imene inasonkhedwa. Tsiku limenelo amasiye anapeza zochepa kwambiri, koma aliyense anapita kwawo akunena kuti mwambo unayenda bwino.

Nanga ndalama tiipeze kuti? Chisilamu chili ndi njira yake yakale yosonkhetsera chuma cha ntchito zachifundo, ndipo dzina lake ndi waqf. Umar ibn Al-Khattab (RA) atapeza munda wabwino ku Khaybar anakafunsa Mtumiki (SAW) chochita nawo, ndipo analangizidwa kuti asunge mundawo koma azipereka zipatso zake. Mundawo unakhala wosagulitsidwa, wosapatsidwa kwa munthu ngati mphatso, wosagawidwa ngati chuma chamasiye, koma zokolola zake zinkapita kwa osauka, achibale, apaulendo ndi alendo. Uthman ibn Affan (RA) naye anagula chitsime cha Rumah ku Madinah n'kuchisiya kuti aliyense azitungapo. Nzeru ya waqf ndi yosunga tsinde n'kumadya zipatso, pamene uvuni wa makala umadya tsinde lenilenilo kamodzi kokha.

Choncho pempho lathu kwa m'bale amene wapereka mitengo ndi lakuti asabweze mphatso yake, koma aisinthe. Mitengoyo ikhale chiimire, ndipo alole kuti gulu lipachikemo ming'oma ya njuchi. Ikhale ming'oma yamatabwa, osati ija ya makungwa, chifukwa kusenda khungwa kuzungulira mtengo ndi kuupha. Uchi uli ndi msika paboma pano, ku Kamwendo ngakhale ku Lilongwe, ndipo ophunzira athu amadziwa kale zimene Sura An-Nahl, ndime 68 ndi 69, ikunena za njuchi ndi machiritso a uchi. Kuseri kwa sukulu kuli malo ogona amene angakhale nazale. Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala kufika pa 15 Epulo, ndipo nthawi imeneyi mbande za mango olumikiza, mapapaya, magwafa, gliricidia ndi msangu zimakhala ndi ozifuna. Kuti mbande zikhale zokonzeka pofika Disembala, kufesa kuyenera kuyamba chilimwe, ndiye kuti nkhaniyi si yoti tiigonere. M'Bukhari ndi Muslim muli hadith yotiuza kuti Msilamu akabzala mtengo, chilichonse chimene mbalame, munthu kapena nyama idyapo chimalembedwa kwa iye ngati sadaka. Wogula mbande kwa ife akuthandiza amasiye lero, ndipo akudzitsegulira sadaka yake yopitirira.

Tikudziwa chimene akuluakulu a komiti anene, ndipo akunena zoona: njuchi ndi mbande sizigula chokuzira mawu mwezi uno. Waqf imafuna kupirira. Pa zosowa za msanga, Mchinji ndi dziko la mtedza ndi soya. Gulu likhoza kubwereka munda nyengo imodzi, kapena kugwira ganyu yokumba ndi kuthothola mtedza limodzi Loweruka, ndalama n'kulowa m'thumba la gulu. Likaitanidwa kukayimba pa nikah, eni mwambo adziwe kuti pali kangachepe kopereka, kolembedwa m'buku. Abale athu amene ali ku Joni ndi ku Lusaka, ambiri a iwo ophunzira akale a pano, akhoza kutumiza thandizo lawo, ndipo a kuno angapereke kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba pa nambala imene asayinira anthu oposa mmodzi. Pa madufu, zikopa za mbuzi za Qurbani zimene chaka ndi chaka zina zimangowola kuseri kwa mzikiti ndi zokwanira. Mwini nsembe saloledwa kulipira nacho chikopa wosenda, monga Ali (RA) analangizidwira, koma akhoza kuchipereka ngati sadaka kapena mphatso. Ndipo pogula chokuzira mawucho, tiganizire chokhala ndi batire lotchajidwa ndi sola, kuti tisamagule petulo pa mwambo uliwonse.

Tikudziwa kuti pakati pa Asilamu pali kusiyana maganizo pa nkhani ya dufu, sikiri ndi zoyimbayimba. Imeneyo ndi nkhani ya phunziro lina, ndipo masheikh athu ndiwo angaitambasule. Chimene tikufuna kuwauza ana a kaswida ndi chakuti mawu awo amafika kumene khutbah siifika. Ku Tanzania, pa kachilumba ka Misali pafupi ndi Pemba, asodzi ankaphulitsa mabomba m'madzi kuti aphe nsomba zambiri nthawi imodzi, ndipo ziletso za boma sizinkawaletsa. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 bungwe la Chisilamu loona za chilengedwe la IFEES, la ku Britain, pamodzi ndi CARE International, anayamba kugwira ntchito ndi masheikh ndi aphunzitsi a madrasa a kumeneko, kuwaphunzitsa asodziwo ndime za Qur'an zonena za udindo wa munthu pa zolengedwa. Ambiri anasiya mabombawo atamva kuti nkhaniyo ndi ya pakati pa iwo ndi Mlengi wawo. Gulu lathu lili ndi alakatuli okwanira kupeka kaswida m'Chichewa kapena m'Chiyao yonena za Bua, za mvula ndi za mtengo. Koma silingaiyimbe ndi chokuzira mawu chogulidwa ndi makala.

Komiti ikumananso posachedwa, ndipo chigamulo ndi chake. Tikupempha kuti asanakumane, ophunzira a Fomu 3 apite ndi mphunzitsi wawo wa zaulimi kumunda kuja, akawerenge mitengo imene inaperekedwa, alembe mayina ake, ndipo afunse agogo a m'mudzimo kuti ikuluikuluyo anayamba kuiona liti. A Fomu 4 awerengetsere matumba a makala amene angatulukemo ndi ndalama yake pa mtengo wa pamsewu lero, kenako achite chimodzimodzi ndi uchi wa ming'oma 10 pa zaka 5, atafunsa kwa alangizi a zankhalango ndi kwa oweta njuchi. Mapepala onse awiri aperekedwe kwa mlembi wa komiti, ndipo adzawerengedwe pamaso pa makolo.